Kachitsotso M'diso la Lestina

Thyolo,
9 Febuluwale 1938.

Okondedwa alamu a Everson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halale. Kuno mvula yachuluka, tiyi waphukira moti madengu akuchepa, koma m'nyumba mwathu mulibe mtendere.

Mukudziwa kuti diso lamanzere la mlongo wanu Lestina linafa ndi nthomba ali mwana, ndipo lamanja linachita chipsera choyera kamtengo ka tiyi katamulasa podulira. Dokotala wa ku mishoni anati ayesa zimene anaziona kwawo. Anadula kachikopa kapamwamba pa diso limene anachotsa kwa munthu wina wovulala, n'kukasokera pa la Lestina ndi ulusi wonga tsitsi. Lestina anagona chagada milungu iwiri, mutu atautchinjiriza ndi matumba a mchenga, osaloledwa ngakhale kutsokomola. Atamumasula anaona, alamu. Anaona nkhope ya mwana wathu Teleza koyamba, n'kuseka kuti watengera makutu anga oipawa.

Potitulutsa m'chipatala, dokotala anati kachikopako kamagwira pang'onopang'ono, tisakhudze mpaka adzachotse yekha ulusi. Ndinavomera ndi pakamwa pangapa.

Tsiku lachinayi nditaweruka ndinamupeza Lestina misozi ili chuchuchu, diso likuyabwa. Anati, "Bambo a Teleza, mwalowa kachitsotso, ndichotseni." Ndinauzira, osatheka. Ndiye ndinachita monga ankatichitira amayi anga tili ana, kupisamo lilime. Lilime litamva kanthu, ndinakatsina ndi zala n'kukoka. Unali ulusi uja. Munatuluka madzi ofunda, ndipo pofika m'mawa pakati pa diso panali patayera ngati mkaka.

Dokotala atafunsa mokalipa, ine ndinangoyang'ana pansi. Lestina ndiye anayankha kuti anadzitikita yekha ali m'tulo. Apongozi ndi anthu a mumpingo akudziwa zomwezo, ena mpaka akumunena kuti ndi wosamva, ine ndili pomwepo chete ngati munthu wabwino. Dokotala wati pamalopo sipangasokedwenso. Mtima ukundipweteka, alamu. Sindikupempha kuti mundikhululukire, ndangofuna kuti mmodzi wa kwawo adziwe amene anam'chititsa khungu.

Teleza wayamba kuyenda, mayi ake amamutsatira ndi makutu. Lestina akupereka moni, ndipo akuthokoza chifukwa cha nsalu. Akutinso mukamadzabwera musadzavutike kugula kalilole uja anakupemphani m'kalata ya Disembala.

Ndine mlamu wanu,
Zakeyu.