Akwathu Amafera Kwa Eni

Okondedwa achemwali,

Ndikudziwa kuti yakufikani mbiri yoti andiimitsa ntchito, ndipo mitima ili m'mwamba. Ndi zoona, koma sindinabe kapena kutukwana munthu. Kaya inu mwadzuka bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kupatula chimfine chomwe chandikakamira sabata yonse.

Lekani ndikufotokozereni bwinobwino. Chaka chikatha, ine ndimasonkhanitsa ziphaso za imfa zochokera m'maboma onse, n'kulemba kuti boma ili amwalira angati, ilo angati. Ulendo uno boma lathu linatuluka ndi anthu 212 okha, ochepa kuposa kwina konse. Mnzanga wa desiki loyandikana nane anandiseka, ati kwanuko mumadya chiyani, imfa ikukuopani, tiuzeni nafe tisamukire komweko. Ine sindinaseke, poti ndimadziwa kuti inu simumaliza mwezi osapita kumaliro.

Ndinayamba kutsegula mafayilo limodzilimodzi, ndipo chinsinsi chake n'chaching'ono. Munthu amawerengedwa komwe wamwalirira, osati komwe amakhala. Wodwala wakwathu matenda akakula, mumamukweza galimoto ulendo wa maola anayi, iye n'kudzatsirizikira kuchipatala chachikulu cha kuno. Papepala amasanduka wam'tauni. Chiphaso cha bambo ndachigwira ndi manja angawa, achemwali. Munthu woti m'tauni muno anangogonamo masiku atatu, ali chikomokere, amulemba ngati wakuno.

Nditawerenganso potsata kwawo kwa munthu, 212 uja anakwera kufika 631.

Mwina mukuti nanga nambala ili ndi ntchito yanji, poti wopita wapita. Akuluakulu amagawa anamwino ndi maambulansi poyang'ana manambala omwewa. Panopa akufuna kuchotsa ambulansi yathu imodzi ija, ati ikungochita dzimbiri pakati pa anthu osadwala. Tsiku lomwe mwendo wa amayi udzafune chipatala chachikulu, mudzawanyamulira pachiyani?

Ndinawaonetsa abwana zonsezi. Iwo anati lipoti likudikira kusindikizidwa, ndingosayina, ndisamadziyese pulofesa. Ndinawayankha mwaulemu kuti cholembera ndi chawo, koma dzanja ndi langa. Apo anati ndikapume milungu iwiri, mutu uzizire. Mutu wazizira ndithu, koma yankho ndi lomwe lija. Lachinayi likudzali ndikaonekera kukomiti yoona za mwambo pantchito. Akafuna kundichotsa andichotse. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo ine bodza lomwe muli bambo anga mkati sindisayina.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya mokwanira. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anga onse.

Pempho langa ndi limodzi. Musangomvera za ine, yesani nokha. Tengani kope, mukhale pansi ndi azakhali poti iwo saiwala maliro, mulembe onse amumsewu mwathu amene anatisiya chaka chatha. Pambali pa dzina lililonse mulembe komwe anamwalirira. Mukatha mujambule pafoni, munditumizire lisanafike Lachinayi, ndikawaikire patebulo. Mukafika pa dzina lokuvutani kulemba, pumani kaye, mumwe madzi, koma chonde musalidumphe. Odumpha alipo kale okwanira kuno.

Tsalani bwino,
Ine mlongo wanu wamng'ono