Nkhalamba Yathu Sitigulitsanso

Amake Dumisani,

Pepani, ndachoka musanabwere kuchokera kumunda. Ndathamangira ku Mzuzu kukagula sipuling'i ya galimoto yathu. Yathyoka m'mawa uno m'matope a ku Limphasa, itasenza mpunga wa eni ake. Sipuling'iyo ndinaimangirira ku chidutswa cha mtengo wa bulugamu ndi mphira, ndipo nkhalambayo yafika pa Mpamba osagwetsa thumba ndi limodzi lomwe.

Koma imvani izi. Panjira ndinapeza anzanga a Ganizani atatitimira ndi galimoto yawo yatsopano, yonyezimira ija ndakhala ndikukusowetsani nayo mtendere kuti nafenso tigule. Yowakoka inali yathu yomweyi, ikutsimphina choncho. Makaniko wakwawira pansi pa yathuyi, akuti injini ikadali ndi moyo, chofunika ndi sipuling'i basi.

Bambo wofuna kugula galimoto yathu uja abwera masana. Mupatseni tiyi, mumuuze kuti sitigulitsanso. Mukadapanda kuuma mutu n'kukana kuti tiigulitse mwezi watha, bwenzi lero ndili m'matope limodzi ndi a Ganizani. Tawonga ukongwa, mayi, zikomo kwambiri.

Chingwe choyanikira zovala musavutike kuchifuna. Ndi chimene chagwira chitseko cha galimoto.

Ndine wanu wosamva uja,
Fanuel