Kiyi amene ndinaiwala kulanda

Lachitatu, ku Nsaru. Mtima sunakhazikike mpaka pano.

Ndakumbukira bambo anga atavala kiyi wa kabati ya mpingo m'khosi, pachingwe. Ankasamba naye.

Lero a Nabanda, otikonzera makompyuta, atatsegula pulogalamu ya akaunti ya kopaletivi yathu andifunsa kuti, "A mlembi, ogula soya aja munasiyana nawo chaka chatha, eti? Nanga bwanji pulogalamu yawo ikulowabe muno ndi kiyi wa API?"

Kiyi wa API ndi chilolezo choti pulogalamu ya ena izilowa mu pulogalamu yathu. Chilolezocho ndinapereka ndine, ndipo ndinadina poti aziona zonse. Chaka chathunthu akhala akuona mayina a alimi athu, manambala a foni ndi zokolola zawo. Ine mwana wa bambo aja!

Kiyiyo tamuletsa lero lomwe. A tcheya avomera kuti tikumane Loweruka. Alimiwo ndikawauza ndekha.