Feteleza wa amalume ako m'galasi la nsomba

Tisa mwana wanga,

Muli bwanji ku Solwezi kumeneko, iwe ndi ana? Kuno ku Minga tilipo, kungoti bondo la amai ako likuvutabe.

Ndili ndi mkwiyo, mwana wanga. Nsomba zisanu zija unatisiyila m'galasi zatsala ziwili. Ine ndinasunga mau ako onse: mizu ya chomela chija cha mane pulanti ikhale m'madzi a m'galasimo, masamba panja, chifukwa mizuyo imadya zonyansa za nsomba.

Lachiwili kunabwela amalume ako a Sakala a ku Sandwe. Ataona mawanga achikasu pamasamba, akuti, "Alamu, mbeu iyi ili ndi njala." Ine ndinati, "Ndi chibadwa chake, isiyeni." Nditapita kukamangilila mbuzi, munthu wamkulu ndi imvi zake anatapa feteleza wa yuleya dzanja lonse, n'kuthila m'madzimo ngati ali m'munda mwake. Pobwela ndinapeza nsomba zikuyasama pamwamba. Tinasintha madzi mothamanga, koma zitatu zinali zitagona kale chagada.

Powafunsa, akuti, "Nanga chimanga chimafa ndi feteleza?" Ndinati, "Alamu, munaonapo chimanga cha maso ndi mchila?" Kupepesa ayi. Dzulo anatumiza uthenga, ati kodi masamba aja abiliwila?

Ndiuze msanga, madzi ndizisintha kangati kuti ziwilizi zipulumuke, popeza imodzi sikudya. Amalume akowo uwaimbile wekha, ine ndingalankhule zoti amai ako andimane madzi osamba. Galasilo ndalilowetsa kuchipinda, kiyi ali m'thumba mwanga.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine atate ako.