Tadala wakhala katswiri wa magemu

Lachitatu, Silver Spring, kuno kutsidya kwa nyanja. Tsiku lowawa ngati kwinini.

Masana, ndikudyetsa mayi Ruth kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, tchanelo ina yopanda zotsatsa malonda inaonetsa nkhani yakalekale, atolankhani akuchenjeza kuti magemu a pa TV aononga ana. Wofotokozera anali Tadala, yemwe uja ankakopera manotsi anga ku yunivesite. Pansi pa dzina lake alembapo "katswiri".

Ndinadzitonthoza kuti tchaneloyi amaonera ndi nkhalamba zokhazokha, zambiri zili mtulo. Koma mayi Ruth anakankha supuni. "Tadikira, mwanangu, ndimve kaye mtsikana wanzeruyu."

Zaka zitatu ndakhala ndikuwauza zomwezo zimene Tadala amafotokozazo uku ndikuwapesa, iwo n'kumangosinza. Mawa rimoti isowa, ndipo akandifunsa ndidzangoti...