Adokowe Achedwa, Mbewu Idikile

Lachinayi, Novembala. Kwatentha tsiku lonse, ngakhale dzulo kunawaza kamvula kongopha fumbi.

Nditaweluka kusukulu ndapitanso kudambo la kuseli kwa Minga kukaona mbalame. Chaka chino zaulendo zikubwela mozengeleza. Adokowe akuda aja, amene amatsatila mvula kuchokela kumpoto kudzadya inswa ndi ziwala, sanafikebe. Ndangoona anamzeze ochepa pa waya wa magetsi.

Pobwelela ndapeza a Mwanza, aneba anga, atatulutsa khasu ndi thumba la mbewu ya chimanga, limodzi lokhalo limene ali nalo.

"Aphunzitsi, anzanu a miyendo yaitali aja akuti bwanji? Ine mailo m'mawa ndibyala."

"Bambo, dikilani pang'ono. Dokowe satela pouma. Akafika ambili, ndiye kuti nthaka yanyowa mpaka pansi ndipo inswa zatuluka. Kamvula aka kangomeletsa mbewu yanu, kenako dzuwa liipseleze."

"Nanga akapanda kubwela? Ana anga adzadya nthenga?"

Taseka, koma funsolo landikhala pamtima. Akachedwa kubyala chifukwa cha mawu anga, njala idzalowa m'nyumba mwao, osati mwanga. Komabe anamzeze afika, ndipo chibwelele changa kuno adokowe sanalephelepo kuwatsatila.

Thumba lija a Mwanza alibweza m'nyumba. Ndawapempha kuti m'mawa tipitile limodzi kudambo, akapise chala m'nthaka okha, akayang'anenso kumwamba ndi maso awo. Ati abwela, koma khasu salisiya.