Nthutumba ya Ababa

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lirangwe ana ali bwino, koma za amayi sindikubisirani.

Lamulungu lapitali titachokera kutchalitchi, ndinayatsa mbaula monga timachitira nthawi zonse. Nkhuku anaotcha okha amayi, ndipo mchere ndi mandimu sanalakwitse ngakhale pang'ono. Koma pogawa anatenga nthutumba, gawo la ababa lija, n'kuiika m'mbale yakale ya ababawo, n'kuvundikira. Amuna anga atati asambe m'manja, amayi anawaletsa. Anati, "Dikirani, eni khomo sanafike. Msonkhano wa akulu a mpingo wawachedwetsa."

Kenako ine ndinati, "Amayi, ababatu tinawaika m'manda chaka chatha." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kuyamba kulira ngati uthenga wa malirowo akuumva kumene. Nkhuku inazizira patebulo, palibe anaikhudza.

Achimwene, musadzandiuzenso pafoni kuti ndi ukalamba chabe. Inu simunawaone mmene analirira. Mawa ndipita nawo kuchipatala ku Chileka, koma ndatopa kusenza ndekha nkhaniyi. Zovala ndi nsapato mumatitumizira zija zikhale kaye. Pemphani tchuthi kuntchito, mubwere amayi asanaiwale nkhope yanu.

Mulungu akusungeni, ndipo muzitikumbukira m'mapemphero. Koma mundiyankhe msanga, chifukwa Lamulungu likubweranso. Akavundikiranso mbale ija, ndiwauze zoona alirenso, kapena tikhale nawo pansi tizidikira ababa?

Ine mlongo wanu,
Esinati